Nkhokwe Yopanda Msungichuma: Mkangano wa Anthu a Polkadot

Pa 26 Meyi 2024 kudagwa mvula yamphamvu mumzinda wa Indianapolis, m'dziko la America, kotero kuti mpikisano wa magalimoto a liŵiro wotchedwa Indianapolis 500 udachedwa kuyamba ndi maola anai. Mpikisanowu umachitika chaka ndi chaka, ndipo anthu oposa 300,000 amasonkhana kudzaonera magalimoto 33 akuzungulira bwalo maulendo 200, mtunda wa makilomita pafupifupi 805. Mvula itakata, pakati pa magalimotowo padaoneka ina ya nambala 24, yolembedwa dzina loti Polkadot. Woyendetsa wake adali Conor Daly. Iyeyu adanyamukira kumbuyo, pamalo a nambala 29, koma pomaliza adali wa nambala 10.

Kulemba dzina pa galimoto yotere kumalira ndalama zambiri, ndipo kaŵirikaŵiri amene amavomereza kutulutsa ndalamazo ndi akuluakulu a kampani. Koma ndalama za galimoto ya Daly, zokwana pafupifupi madola 2 miliyoni, sadazisainire bwana aliyense. Zidatuluka m'thumba la gulu, eni thumbalo ataponya voti, ndipo mavoti ovomereza adaposa 95 pa 100 alionse. Patangopita masabata asanu, gulu lomwelo lidayamba kulozana zala, ena akuti chuma chao chikumwazidwa pa zionetsero.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, mpofunika kuyamba ndi kufotokoza mtundu wa bungwe limeneli. Omvera ambiri amadziŵa kayendetsedwe ka kalabu ya alimi kapena banki m'khonde: pamakhala wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo ndalama zikasoŵa pali munthu womufunsa. Tsono pa intaneti padabadwa mabungwe ena amene adakana maudindo onseŵa. Pa Chingerezi amaŵatchula mwachidule kuti DAO, kutanthauza bungwe lodziyendetsa lokha, lopanda likulu ndiponso lopanda mwini mmodzi. Malamulo ake amalembedwa m'makina a kompyuta. Ndalama zake zimalembedwa m'kaundula wotchedwa blockchain, amene makope ake amasungidwa pa makompyuta ambiri m'maiko osiyanasiyana, kotero kuti munthu mmodzi sangafute kapena kusintha chimene chalembedwamo. Voti ikadutsa, makina okha ndiwo amatumiza ndalama kwa wopempha. Palibe msungichuma woti n'kumunyengerera, komanso palibe woti angaime pakhomo n'kunena kuti, "Tayambani mwadikira, tiganizenso."

Polkadot ndi mmodzi mwa akaundula otere. Adamuyambitsa ndi katswiri wa za makompyuta wa ku Britain, Gavin Wood, amene kale adali m'gulu la anthu oyambitsa Ethereum, ndipo adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020. Ndalama yake imatchedwa DOT. Si ndalama yogwirika m'manja ai. Ndi manambala a m'kaundula amene anthu amagula ndi kugulitsa, ndipo mtengo wake umakwera ndi kutsika monga mtengo wa fodya ku okushoni. Polkadot ali ndi thumba la gulu, limene tanthauzo lake silisiyana ndi nkhokwe ya mudzi. Mu 2024 m'nkhokwemo munkaloŵa gawo la ndalama zimene anthu amalipira pogwiritsa ntchito kaundulayo, zindapusa za osunga kaundula amene alakwira malamulo, ndiponso gawo la ma DOT atsopano amene amapangidwa chaka chilichonse.

Poyamba, makiyi a nkhokwe adali m'manja mwa khonsolo ya anthu 13 osankhidwa ndi gulu. Mu Juni 2023 khonsoloyo idathetsedwa, ndipo m'malo mwake mudaloŵa dongosolo lotchedwa OpenGov. Kuyambira pamenepo munthu aliyense adatha kupereka pempho la ndalama, bola aike chikole, ndipo aliyense wokhala ndi DOT adatha kuponya voti. Mapempho adagaŵidwa m'magulu molingana ndi kukula kwake. Pempho laling'ono, losapitirira ma DOT 250, linkagamulidwa m'masiku oŵerengeka, pamene lalikulu, lofika ma DOT 1 miliyoni, linkapatsidwa masiku 28 kuti anthu alisinkhesinkhe.

Kaŵerengedwe ka mavoti ndiko kamasiyana kwambiri ndi zisankho zimene omvera adazoloŵera. Kumeneku saŵerenga mitu ya anthu koma ndalama zao. Kuwonjezera apo, munthu akalola kuti ndalama zake zitsekeredwe nthaŵi yaitali osazigulitsa, voti yake imalemera. Malinga ndi malamulo a mu 2024, wotsekera ndalama zake masiku 7 ankaŵerengeredwa voti imodzi pa DOT iliyonse, wotsekera masiku 224 ankaŵerengeredwa mavoti 6, ndipo wokana kutsekera ankaŵerengeredwa gawo limodzi lokha mwa magawo khumi. Cholinga chake chidali chabwino: amene adzakhalitse m'gulumo, ndi kumva kuŵaŵa kwa chigamulo cholakwika, mau ake amveke kuposa a wongodutsa. Komabe masamu ake akuonetsa malire a chilungamo chimenechi. Munthu wa ma DOT 100 amene wamanga chuma chake chonse kwa miyezi isanu ndi iŵiri ali ndi mavoti 600. Mnzake wa ma DOT 10,000, amene sadamange kanthu ndipo angathe kugulitsa zonse maŵa lomwe, ali ndi mavoti 1,000.

Mkangano udabuka kumapeto kwa Juni 2024, pamene mmodzi mwa akazembe a gululo, Tommi Enenkel, adatulutsa lipoti la m'mene chuma chidayendera m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya chakacho. Lipotilo lidaonetsa kuti m'nkhokwe mudatuluka chuma chokwana madola 87 miliyoni. Mwa ndalamazi, pafupifupi madola 37 miliyoni adapita ku ntchito yofalitsa dzina la Polkadot: kutsatsa malonda, kulipira anthu otchuka pa intaneti kuti azilitamanda, kukonza misonkhano ndi maphwando, ndi kuthandiza zamaseŵera. Ndalama zimenezi zidaposa zimene zidapita ku ntchito yokonza ndi kukulitsa makina enieniwo. Lipotilo lidatinso m'nkhokwe mudatsala chuma cha madola pafupifupi 245 miliyoni, ndipo pa mwazidwe wotere chikadatha m'zaka ziŵiri.

Chodabwitsa n'chakuti m'lipotimo mudalibe chinsinsi chimene chidaululidwa. Ndalama iliyonse idatuluka poyera, italembedwa m'kaundula amene aliyense angathe kuŵerenga. Koma mapempho ankabwera limodzilimodzi, lililonse ndi malonjezo ake okoma, ndipo ndi anthu ochepa amene ankaphatikiza kuti aone zonse pamodzi zafika pati. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Oikira kumbuyo zothandiza maseŵera ndi misonkhano adali ndi mfundo zao, ndipo sizidali zopepuka. Iwo adati Polkadot adatchuka pakati pa akatswiri chifukwa cha luso la makina ake, koma anthu wamba sankamudziŵa, pamene anzake opikisana naye ankamveka ponseponse. Katundu wabwino wobisika kuseri kwa sitolo sagulidwa. Adakumbutsanso kuti misonkhano ndiyo malo amene amisiri a mapulogalamu amakumana, naphunzitsana ndi kuyamba ntchito zatsopano. Msonkhano waukulu wa gululo, Polkadot Decoded, udachitikira ku Copenhagen mu 2023 ndi ku Brussels mu Julayi 2024. Za zaka ziŵiri zija adazitsutsa kwathunthu, nati nkhokwe imeneyi si mtsuko wongotungamo, popeza chaka chilichonse mumathiridwa ma DOT atsopano. Pa mfundo yomalizayi adanena zoona.

Otsutsa adayankha kuti ma DOT atsopanowo sagwa kuchokera kumwamba. Ndalama zikachuluka, mphamvu ya ndalama imene munthu adasunga kale imachepa, motero amene amalipira ndi mwini DOT aliyense, ngakhale amene sadaponyepo voti. Adaonjeza kuti mwini galimoto ya mpikisano kapena mwini holo ya msonkhano salandira DOT, amafuna madola. Tsono wolandira thandizo amayenera kugulitsa ma DOT aja pamsika, ndipo ogulitsa akachuluka mtengo umatsika. Apa mpamene padali bala lenileni. Mu Novembala 2021 DOT imodzi idafika pa madola oposa 50, koma pakati pa chaka cha 2024 inkagulidwa pa madola pafupifupi 6. Munthu amene chuma chake chafota chotere sasangalala kuona dzina la gulu lake pa galimoto yothamanga.

Koma funso lovuta kuposa onse lidali la muyeso. Gulu likalipira mmisiri kuti akonze pulogalamu, pamapeto pake pulogalamuyo imaoneka, ndipo imagwira ntchito kapena ai. Nanga phindu la chizindikiro chopakidwa pa galimoto angaliyeze bwanji? Opempha ndalama amakonda kutchula chiŵerengero cha maso amene adzaone chizindikirocho. Koma diso loona si dzanja logula. Mwa anthu zikwi mazana atatu amene adali m'bwalo la Indianapolis, palibe njira yotsimikizika yodziŵira kuti ndi angati adapita kwao nakafufuza tanthauzo la dzina lija. Vutoli lilipo ngakhale m'makampani wamba, kungoti kumeneko pali mkulu wa zamalonda amene angachotsedwe ntchito ngati ndalama zapita pachabe. M'bungwe lopanda mutu, chigamulo chikalakwika aliyense amaloza voti, ndipo voti ilibe nkhope.

Nkhani ya mpira wamiyendo idaonetsa vuto lina. M'lipoti lija mudali ndalama zokwana madola 6.8 miliyoni zopita ku kalabu ina yotchuka, koma dzina lake silidatchulidwe. Mu Ogasiti 2024 mpamene zidalengezedwa kuti Polkadot wagwirizana ndi Inter Miami, timu ya ku America imene Lionel Messi adaloŵamo mu 2023, ndi kuti chizindikiro chake chiziikidwa pa zovala zimene oseŵera amavala pokonzekera maseŵera. Matimu aakulu salola kuti zokambirana zao zamalonda zimveke poyera mgwirizano usanasainidwe, ndipo ali ndi zifukwa zao. Koma bungwe limene maziko ake ndi kuchita zonse poyera likafuna kuchita malonda ndi anthu otere, eni chuma amapezeka akufunsidwa kuvomereza mbuzi ili m'thumba. Malamulo a mbali ziŵirizi sagwirizana, ndipo palibe makina amene angaŵagwirizanitse.

Padalinso dandaulo la kudyerana. Mwa anthu amene amatsata mapempho tsiku ndi tsiku, ambiri ndi omwewo amene amapeza zofunika pa moyo wao kuchokera m'nkhokwemo: okonza misonkhano, olemba nkhani, akazembe. Akale adati wam'kachisi amadya zam'kachisi, ndipo palibe cholakwika kuti wogwira ntchito alipidwe. Koma munthu amene pempho lake likubwera mwezi wamaŵa amaganiza kaŵiri asanakane pempho la mnzake lero. Eni DOT ambiri, amene alibe pempho lililonse, saponya voti n'komwe, chifukwa mapempho ndi ochuluka, ndi aatali, ndipo kuŵaŵerenga onse ndi ntchito yosalipidwa. Motero anthu ochepa a chuma chambiri ankatha kupendeketsa chigamulo. Pofuna kuchepetsa vutoli, kumayambiriro kwa 2024 bungwe la Web3 Foundation la ku Switzerland, limene lidathandiza kukhazikitsa Polkadot, lidayamba kubwereketsa mphamvu ya mavoti ake kwa anthu ndi magulu amene lidaŵasankha, pa ndondomeko yotchedwa Decentralized Voices. Ena adaiyamikira, koma ena adafunsa kuti ngati bungwe limodzi ndilo likusankha oponya voti, ufulu wa gulu uja watsala pati.

Mkanganowu sudathere m'mau okha. Oponya voti adayamba kuuma dzanja, ndipo m'theka lachiŵiri la 2024 ndalama zotuluka m'nkhokwe zidatsika kufika pafupifupi theka la zimene zidatuluka m'theka loyamba. Gulu lidatsamiranso kwambiri pa njira yopatula thumba laling'ono la ntchito imodzi, monga la misonkhano, n'kulipereka m'manja mwa anthu angapo oliyang'anira, amene amaunika mapempho ang'onoang'ono ndi kufunsa malisiti. Womvera watcheru aona kuti imeneyi ndi komiti, yomwe ija idathamangitsidwa pakhomo mu 2023, yabwereranso podzera pa zenera. Kusiyana kwake n'kwakuti gulu lingathe kuichotsa ndi voti nthaŵi ina iliyonse. Gawo lina la chuma adayamba kulisunga m'ndalama za pa kompyuta zimene mtengo wake umatsata dola ya America, kuti lonjezo la thandizo lisafote mtengo wa DOT ukagwa pakati pa tsiku la voti ndi tsiku la msonkhano.

Kenaka gulu lidatembenukira ku gwero lenileni la chumacho. Chakumapeto kwa 2024 lidagamula kuti ma DOT atsopano asamapitirire 120 miliyoni pa chaka, ndipo 15 mwa 100 alionse aziloŵa m'nkhokwe. Mu Sepitembala 2025 lidavomerezanso kuti ma DOT onse pamodzi asadzapitirire 2.1 biliyoni, kutanthauza kuti opangidwa chaka ndi chaka azinka nachepa. Chigamulo chimenechi chidafooketsa mfundo ija yakuti nkhokwe imadzidzaza yokha, imene oikira kumbuyo zamaseŵera adaidalira mu 2024. Wobwera ndi pempho la galimoto ya mpikisano kapena la holo ya msonkhano tsopano akupempha kuchokera ku kasupe amene eni ake adagwirizana okha kuti azimuchepetsa.