Uthenga wa Ijumaa: Tisamutaye M'bale Wogwidwa ndi Mowa

Abale ndi alongo m'Chisilamu, Surat Al-Maidah ndime 90 ikuletsa mowa poyera. Komabe kuno kwa Chiwalo ndalama zina za nsomba za ku Chilwa zikuthera ku kachasu, ana nkumagona ndi njala. Uchidakwa ndi matenda, ndipo kudzudzula kokha sikuchiza. Bungwe la Alcoholics Anonymous, lomwe lidayamba ku America mu 1935, lidaonetsa kuti omwa mowa akamakumana sabata ndi sabata, kuuzana zoona ndi kusungirana chinsinsi, amalimbikitsana kusiya. Tifunse Shehe kapena alangizi a zaumoyo komwe kuli gulu lotere. Ngati kulibe, tiliyambitse pamzikiti ikatha Swala ya Asr. Amene akunjenjemera atasiya mowa tithamange naye kuchipatala. Khomo la tawba likadali lotsekula. Allah atikhululukire tonse. Ameen.