Mizati ya Nthano ya Mlezi ndi Khanda m'Zithunzi Zoyenda

Munthu womanga nyumba ayamba waimika mizati, ndipo pambuyo pace aika phaso ndi udzu. Nyumba ziwiri zikhoza kusiyana zitseko ndi mafoleredwe, koma mizati yace iima mofanana. Nthano nazo ziri comweco. Mphunzitsi wofuna kuti ana adziwe kupenda nthano ndi kupeka zao ayenera kuwasonyeza mizatiyo, pakuti mwana amene angoseka osadziwa cimene camseketsa sangathe kupeka kanthu. Tsono tiyeni tipende nthano imodzi ya ku America, yosimbidwa ndi zithunzi zoyenda zojambula pamanja, zimene anthu azicha makatuni.

Dzina lace ndi Tot Watchers, ndipo inaturuka m'caka ca 1958. Anaipanga ndi William Hanna ndi Joseph Barbera, amene anayamba kujambula mphaka Tom ndi kakhoswe Jerry m'caka ca 1940. Anthu awiriwa anapanga zithunzi zazifupi 114 za nyama zimenezi pa kampani ya MGM, ndipo ici ndico cinali cotsiriza.

Nkhani yace ndi iyi. Mai acoka pakhomo, nasiya khanda m'manja mwa mtsikana wolembedwa nchito ya ulezi, dzina lace Jeannie. Maiyo atangoturuka, mtsikanayo athamangira ku telefoni nayamba kuceza. Khanda likwawa nilituruka. Tom alibweza, koma mlezi, poona mphaka pafupi ndi mwana, ammenya. Khanda liturukanso, ndipo lifika pamalo pamene anthu ali kumanga nyumba yaitali yosanjikizana, nilikwawa pa mitanda yacitsulo m'mwamba. Tom ndi Jerry alilondola mobvutika kufikira alibweza kwao. Koma apeza mlezi ataitana polisi, ndipo iwo agwidwa monga akuba mwana. Ali m'galimoto, wapolisi akana kukhulupirira kuti khanda lingayende lokha mumseu. Nthawi yomweyo aliona liri kukwawa kudutsa galimotolo.

Mzati woyamba ndiwo kucoka kwa mwini mwana. Mai ali pakhomo palibe nthano, cifukwa palibe ngozi. Cotero wopeka amcotsa msanga, ndipo amene atsala pa udindo akhala wosasamala. Telefoni m'nthanoyi ndiyo cingwe comangira mlezi pamalo amodzi, kuti maso ace asaone zimene ife tiri kuona.

Mzati waciwiri ndiwo khanda losadziwa mantha. Silicita coipa mwadala. Lingopita kumene maso ace alikokera. Pamene lifika pa mapeto a mtanda, mtanda wina ufika pa nthawi yace nulilandira. Woonera adziwa ngozi, koma khanda silidziwa, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kudzetsa mantha ndi kuseka pamodzi. Zowawa zonse zoyenera kugwera mwana zigwera wompulumutsa.

Mzati wacitatu ndiwo kubwereza kokulirakulira. Cocitika ndi cimodzi: mwana athawa, nyama zimbweza. Koma ulendo uli wonse bwalo likula, kuyambira m'nyumba, kufika pabwalo, mumseu, kufikira pamwamba penipeni. Wosimba nthano za Kalulu pamoto adziwa lamulo lomweli, kuti cinyengo caciwiri ciyenera kuposa coyamba, pakuti kubwereza kosakula kugonetsa omvera.

Mzati wacinai ndiwo adani ogwirizana. Masiku onse mphaka afuna kugwira khoswe, koma pamaso pa khanda aleka udani. Makolo anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Apa ngakhale nyama zaumvera mwambiwo, pamene munthu wolandira malipiro waunyoza.

Mzati wacisanu ndiwo cilango cogwera wosalakwa. Theka laciwiri la mwambi uja linena za kudya naye mwanayo, koma Tom ndi Jerry adya ndodo ndi ndende. Alibe mboni, khanda silingalankhule, ndipo mau a mlezi ndiwo amveka. Nthano itha monga inayambira, khanda liri pa ulendo, ndipo palibe amene waphunzirapo kanthu.

Mizati imeneyi sinayambe ndi cithunzi ici. M'caka ca 1936 a Fleischer anaturutsa Little Swee'Pea, m'mene Popeye atengera khanda kumalo osungirako zirombo, ndipo khandalo likwawira kwa njobvu ndi ng'ona. Hanna ndi Barbera okha anayamba aiyesa nthano ya Jeannie m'cithunzi ca Busy Buddies m'caka ca 1956. Pambuyo pace ena anaitola. Cithunzi ca Who Framed Roger Rabbit ca 1988 ciyamba ndi kalulu wosiyiridwa khanda, Baby Herman, limene likwera m'mwamba m'khichini kulondola mabisiketi. Mu Animaniacs, yoyamba m'caka ca 1993, garu Buttons apulumutsa kamtsikana Mindy kawirikawiri, koma mphotho yace ikhala kudzudzulidwa. Ndipo mu Jack-Jack Attack ya 2005 a Pixar anatembenuza mzati waciwiri: mlezi Kari ndi wacangu, koma khanda lenilenilo ndilo ngozi, pakuti liyaka moto ndi kupyola m'makoma. Apa tiona kuti wopeka waluso sataya mizati yonse. Asuntha umodzi, ndipo nyumba ioneka yatsopano.

Nanga ncifukwa ninji opanga zithunzi aikonda nthanoyi? Cithunzi cotere citenga mphindi zisanu ndi ziwiri kapena kucepera, motero palibe nthawi yofotokoza zambiri. Khanda lokwawira kuphompho silisowa womasulira; munthu wa cinenero ciri conse agwira mtima pomwepo.

Mphunzitsi angathe kugwiritsa nchito zimenezi motere. Asimbire ana nthanoyi mwacidule, ndipo awafunse: Ndani wacoka? Ndani sadziwa ngozi? Ndani amva zowawa? Ndani alangidwa? Atatero, awauze kuti alembe yao, mizati ikhale yomweyo koma phaso ndi udzu zikhale zao.

Koma asalekere pa kuseka. M'kalasi muli atsikana ndi anyamata amene abereka abale ao kumbuyo akaweruka, ndipo ena mwa iwo analangidwapo pa mlandu umene sanapalamule, cifukwa wamkuru sanafunse. Ana otere adzazindikira msanga kuti mzati wacisanu si wa m'zithunzi zokha. Mphunzitsi awafunse cimene wapolisi uja anayenera kucita asanamange mphaka, ndipo yankho limene adzampatsa alikumbukire iye mwini tsiku limene ana awiri adzaima pamaso pace, wina wodziwa kulankhula, wina wongoyang'ana pansi.