LAMULO LIKATULUKA KU NYUMBA YA MALAMULO, LIMAFIKA BWANJI PAKHOMO PATHU?

Amayi anzanga, kaŵirikaŵiri timamva pa wailesi kuti aphungu athu ku Lilongwe avomereza lamulo latsopano, ndipo ambiri a ife timayesa kuti kukacha zinthu zisintha. Sizitero ayi. Lamulo lili ndi ulendo wautali, ndipo mayi wosadziŵa ulendowo angathe kumanidwa chinthu chimene dziko linampatsa kalekale.

Aphungu akavomereza, chikalatacho chimapita kwa Mtsogoleri wa dziko, amene ali ndi masiku 21 oti asainire kapena akane. Akasainira, chimasindikizidwa m'nyuzi ya boma yotchedwa Gazette, pakuti malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti palibe lamulo limene lingayambe kugwira ntchito lisanatuluke m'menemo. Ngakhale litatuluka, lamulo lina limadikirabe tsiku limene Nduna idzalengeze. Chitsanzo ndi lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, la Gender Equality Act, limene linavomerezedwa m'chaka cha 2013 koma linayamba kugwira ntchito mu 2014. Lamuloli limaletsa kuvutitsa munthu ndi mawu kapena machitidwe achiwerewere, monga amachitira mabwana ena kwa akazi ofuna ntchito, ndipo wolakwa angathe kulipira K1,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka 5.

Nthaŵi zina lamulo limayamba, koma chiwalo chake china n'kutsala m'mbuyo. Lamulo la chipukuta misozi kwa anthu ovulala pa ntchito, la m'chaka cha 2000, linalamula kuti pakhale thumba limene olemba ntchito azisonkhamo ndalama. Zaka zambiri zinadutsa thumbalo lisanayambe, kotero kuti mayi amene mwamuna wake wavulala kapena wafera pa ntchito ankayang'anira m'thumba la bwana yekha. Bwanayo akakhala kuti malonda ake agwa, banja linkasauka kudikira.

Lamulo limene likutikhudza kwambiri ife amayi ndi la za ntchito, la Employment Act, lomwenso ndi la m'chaka cha 2000. Limanena kuti mayi wapantchito ayenera kupatsidwa tchuthi chokachira cha masabata osachepera 8, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo malipiro ake alandire onse. Akabwerako ali ndi ufulu wobwerera pa ntchito yake yomweyo. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa chakuti ndi woyembekezera ndi mlandu, ndipo bwana ndiye ayenera kuonetsa umboni wakuti anamchotsera chifukwa china. Wantchito wogwira masiku 6 pa sabata ayenera kupuma masiku 18 pa chaka, pamene wogwira masiku 5 apume masiku 15. Lamulo lomweli likuti mkazi ndi mwamuna ogwira ntchito yofanana alandire malipiro ofanana.

Koma lamulo lili ngati nyumba ya udzu, imene imafuna kufoleredwanso pakapita zaka. Nchifukwa chake malamulo amaunikidwanso. Bungwe la Law Commission linakhazikitsidwa kuti lizichita ntchito imeneyi, ndipo pa nkhani za ntchito boma limamvanso maganizo a mabungwe a anthu apantchito, monga Malawi Congress of Trade Unions, pamodzi ndi a olemba ntchito. Malipiro otsikitsitsa amene munthu angalandire, Nduna iyenera kuwaonanso pasanathe zaka zitatu, chifukwa mtengo wa chimanga, sopo ndi mchere suima malo amodzi.

Zipatso za kuunikanso tinaziona m'chaka cha 2021, pamene aphungu anakonza lamulo la za ntchito lija. Kuyambira pamenepo abambo apantchito amapatsidwa tchuthi cha masabata osachepera aŵiri, kamodzi pa zaka zitatu, akazi awo akachira. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa anaganiziridwanso pa kagwiridwe kawo ka ntchito. Chaka chomwecho utenanti unaletsedwa. Amayi a ku Kasungu ndi ku Mchinji akuudziŵa bwino utenanti: banja lonse, mayi ndi ana omwe, linkalima fodya pa esiteti chaka chathunthu likudya chakudya cha ngongole, ndipo pogulitsa fodya n'kupeza kuti ngongole yameza zonse.

Zofunika kuziona zikadalipo. Pangano la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, la ILO, la m'chaka cha 2000, limanena za tchuthi chokachira cha masabata 14, pamene lamulo lathu lili pa masabata 8. Aphungu akamabwera kudzachititsa misonkhano m'madera mwathu, nkhani ngati imeneyi ndiyo yoyenera kuwafunsa.

Tsono khomo lomaliza limene lamulo liyenera kuloŵa ndi lathu lomwe. Ambiri a ife a m'tauni tili ndi mtsikana wotithandiza kuphika, kuchapa ndi kulera ana. Ena tili ndi golosale, malo osokera zovala kapena ogulitsira zakudya, ndipo talemba anthu aŵiri kapena atatu. Pamaso pa lamulo, ife ndife mabwana. Nzachisoni kuona mayi amene analandira tchuthi chake chonse ku ofesi akuthamangitsa wantchito wake tsiku limene wazindikira kuti ali ndi pakati, kapena kumlipira mochepera pa zimene boma linakhazikitsa ponena kuti amadya pakhomo pomwepo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Mtsikana ameneyo ndi mwana wa mayi mnzathu wa kumudzi, ndipo ana athu nawonso adzagwira ntchito kwa eni ake.

Kwa inu amene muli pa ntchito, kaya mu ofesi, m'sitolo kapena m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, sungani bwino kalata yokulembani ntchito, mapepala a malipiro ndi khadi la ku sikelo. Lembani tsiku limene munayamba ntchito ndi ndalama zimene mumalandira. Mukalakwiridwa, pitani ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lanu, imene ambiri amaitcha ku Leba. Nkhani ikakanika kumeneko, pali bwalo loweruza milandu ya za ntchito, la Industrial Relations Court. Musachedwe, ndiponso musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Nkhani imeneyi mukaikambirane ndi anzanu ku mpingo, ku banki m'khonde ndi ku chigayo, kuti amene sadziŵa kuŵerenga nawonso aimve.