Carlton Centre ndi Constitution Hill: Nkhope Ziwiri za Johannesburg

Munthu akatsika basi pa Park Station mu Johannesburg amakhala pakati pa malo awiri otchuka. Chakummwera, mumsewu wa Commissioner, kuli Carlton Centre, chinyumba cha nsanjika 50 chomwe kunsi kwake kuli masitolo oposa 180. Chakumpoto, pachitunda cha pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow, kuli Constitution Hill, ndende yakale yomwe lero muli khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa. Malo awiriwa atalikirana pafupifupi makilomita awiri okha. Amalawi opita ku Joni kukaoda katundu kapena kukaona abale amawadziwa bwino masitolo a m'tauni, koma si onse amene amakwera chitundacho. Kodi mlendo amapindulanji kwinaku, nanga kwinako amapindulanji?

Carlton Centre inatsegulidwa mu 1973. Kutalika kwake ndi mamita 223, ndipo kwa zaka 46 panalibe nyumba ina mu Africa yoiposa, kufikira pamene The Leonardo inamalizidwa ku Sandton mu 2019. Inali chionetsero cha chuma cha mzinda wobadwa ndi golide mu 1886, ndipo pambali pake panali hotela ya Carlton, kofikira anthu olemera ndi atsogoleri. Kenako makampani akuluakulu anayamba kusamukira kumpoto. Hotela ija inatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya boma ya Transnet inagula malowa mu 1999, ndipo msika wa masheya wa JSE unapita ku Sandton mu 2000.

Koma masitolo a pansi sanafe. Anangosintha ogula. Lero mumadzaza anthu wamba: ogwira ntchito m'maofesi a pafupi, amayi ogulira ana nsapato za sukulu, anyamata ofuna foni, ndi apaulendo ochokera maiko oyandikana. Ukaima pakhonde kamphindi umva Chizulu, Chisutu, Chishona, Chingerezi, mwinanso Chichewa. Kulowa n'kwaulere, sipafunika kudziwa mbiri iliyonse, ndipo zofunika pa ulendo zili pamodzi: chakudya, banki, malo okhala pansi ukatopa. Amene amanyoza malo otere ngati ongowonongera ndalama amaiwala kuti m'nthawi ya tsankho munthu wakuda ankaloledwa pakati pa tauniyi ngati wantchito chabe, pasi ili m'thumba. Kuona khamu lakuda likugula ndi kugulitsa momasuka kunsi kwa nyumba imeneyi ndi umboni wa kusintha kwa dziko.

Vuto lake n'lakuti masitolo sanena zimenezi. Palibe khoma limene lingakuuze chifukwa chake eni chuma anachoka, kapena yemwe ankaletsedwa kukhala kuno. Zovala ndi mafoni ake ndi omwewo amene ungawapeze ku Sandton City kapena ku Eastgate. Wolowa osadziwa kanthu amatuluka ali chimodzimodzi, kungoti wanyamula majumbo.

Constitution Hill ndiyo imafotokoza zimene masitolo amasiya. Ndende yoyamba pamalopa inamangidwa m'zaka za m'ma 1890, mu ulamuliro wa Paul Kruger, ndipo kenako inazunguliridwa ndi linga lomwe limatchedwa Old Fort. Mmenemo munkatsekeredwa azungu. Amuna akuda ankaponyedwa ku Number Four, ndipo amayi anali ndi ndende yawo pambali. Mahatma Gandhi anamangidwa pano mu 1908. Albertina Sisulu ndi Winnie Mandela analowa m'ndende ya amayi mu 1958 atachita zionetsero zokana mapasi, ndipo Nelson Mandela, ngakhale anali wakuda, anasungidwa mu Old Fort mu 1962. Komabe ochuluka mwa omangidwa sanali anthu otchuka. Ambiri mlandu wawo unali kupezeka m'tauni opanda pasi. Uwu ndi mzinda womwewo umene agogo athu ankapitako pa Wenela kukagwira ntchito m'migodi, ndiye nkhani ya pasi si yachilendo kwa ife.

Mu Number Four mlendo amalowa m'zipinda zomwe anthu ankathithikana mopyola muyeso. Amaona tizipinda tamdima totsekeramo munthu yekha, ndi bwalo pomwe akaidi ankavulidwa n'kulamulidwa kudumpha maliseche pamaso pa anzawo pofuna kuona ngati abisa kanthu. Ngakhale chakudya chinkagawidwa potengera khungu. Ndendeyi inatsekedwa mu 1983. Izi zikutanthauza kuti kwa zaka khumi, pamene ena ankagula zovala zapamwamba ku Carlton, Number Four inali ikadatsekera anthu pachitunda chooneka ndi maso kuchokera pamwamba pa chinyumbacho. Ulemerero wa kumunsi ndi nkhanza za kumtunda zinali za mzinda umodzi, nthawi imodzi.

Chimene chimapangitsa malowa kukhala oposa nyumba yosungira mbiri n'chakuti akugwirabe ntchito. Khoti la Constitutional Court linatsegulidwa pano mu 2004, ndipo zina mwa njerwa zake zinachokera ku chipinda chomwe munkakhala akaidi odikira mlandu. Oweruza ake alipo 11. M'chipinda chozengera milandu muli zenera lalitali lopyapyala lomwe limangoonetsa miyendo ya odutsa panja, kuti oweruza azikumbukira anthu amene akuwatumikira posaona nkhope kapena khungu lawo. Chizindikiro cha khotili ndi anthu ali pansi pa mtengo, monga bwalo la kwa mfumu kumudzi, pomwe mlandu umakambidwa poyera aliyense akumva. Munthu wamba amaloledwa kulowa kukamvera milandu. Mu 2024 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, pamodzi ndi ena okhudza Mandela ndi nkhondo yomenyera ufulu.

Nakonso kuli zovuta zake. Kuona ndende zakalezo n'kolipira, kumafuna maola angapo, ndipo zambiri zinalembedwa m'Chingerezi. Mwana wamng'ono angatope, ndipo wamkulu amatulukako mtima uli wolemera. Wamalonda amene basi yake ikunyamuka mawa, katundu asanamalize kuoda, sangadzudzulidwe akasankha masitolo. Komanso ndende yakale ikhoza kusiya mlendo akuganiza kuti Johannesburg ndi mabala okhaokha, pamene mzindawu uli moyo ndipo anthu ake akusakasaka chakudya cha lero.

Malo awiriwa sakupikisana, poti mphatso zawo n'zosiyana. Carlton Centre imaonetsa anthu a Johannesburg mmene alili panopa. Constitution Hill imafotokoza mmene anafikira pamenepo ndi mtengo umene analipira. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti zogula za ku Carlton zimapezeka m'mizinda ina yambiri, pamene Number Four ndi khoti lomangidwa ndi njerwa za ndende zili pamalo amodzi okha. Choncho amene ali ndi tsiku lathunthu ayambire kuchitunda m'mawa mutu ukadali wopepuka, atsikire kumasitolo masana, adzaona khamu lija ndi maso ena. Amene ali ndi theka la tsiku, ndipo sanabwerere malonda, ine ndingamulangize Constitution Hill. Nsapato angagule ulendo wina kapena kwina, koma kudziwa zimene munthu wakuda anapirira mumzinda umene Amalawi akhala akuukhetsera thukuta kwa mibadwo ingapo n'koyenera ndalama yolowera ndi maola ake.