Thupi lili pano, maganizo ali kutali: mmene mungabwezere maganizo pa zimene mukuchita

Mwina zinakuchitikiranipo. Mwakhala pamzere kuyambira m'mamawa, dzina lanu laitanidwa, mwalowa, ndipo adokotala akufotokozerani kamwedwe ka mankhwala. Mwagwedeza mutu kuvomereza. Koma pofika pageti simukukumbukanso ngati anati mapiritsi awiri kamodzi, kapena limodzi kawiri. Sikuti makutu anu ali ndi vuto. Pamene adokotala amalankhula, inu munali mukuwerengera ndalama yokwerera minibasi, mukuganiza za mwana amene mwamusiya kwa anzanu oyandikana nawo nyumba, kapena mukudzifunsa ngati matendawa adzathe. Pampando panali thupi lokha, mwini wake ali kutali.

Tsamba lino likufotokoza luso lothandiza pa vuto limeneli. Silifuna ndalama, chipangizo kapena chipinda chapadera, koma lili ndi malire ake amene muyenera kuwadziwa.

Kodi luso limeneli n'lotani?

Pachingerezi amalitchula kuti mindfulness. M'chinenero chathu tingati ndi kukhazikitsa maganizo mwadala pa zimene zikuchitika panopa, m'thupi mwanu, mumtima mwanu ndi pamalo pamene muli, osathamangira kudziimba mlandu pa zimene mwapezazo. Gwero lake ndi njira zakale zosinkhasinkha za Abuda a ku Asia. M'zipatala linalowa mu 1979, pamene Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro a masabata asanu ndi atatu pa sukulu ya zaudokotala ya University of Massachusetts ku America, makamaka kwa odwala a ululu wosatherapo. Anachotsamo miyambo yachipembedzo n'kusiya luso lenilenilo, choncho Mkhristu, Msilamu ngakhale munthu wosapemphera angathe kuligwiritsa ntchito osaphwanya chikhulupiriro chake.

Kuyendayenda kwa maganizo si chilema chanu nokha. Mu 2010 akatswiri awiri a ku Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa anthu akuluakulu 2,250. Ankawatumizira mafunso pafoni nthawi zosiyanasiyana, kuwafunsa zimene akuchita ndi zimene akuganiza. Pa mayankho 100 alionse, pafupifupi 47 anali a anthu amene maganizo awo anali atachoka pa zimene amachita, ndipo nthawi zoterozo anthuwo ankanena kuti chimwemwe chawo n'chochepa.

Izi sizikutanthauza kuti kuganiza za mawa n'kulakwa. Mlimi wosaganiza za mawa sasunga mbewu. Koma pali kuganiza kumene kumathera pa chochita, ndiye palinso kuganiza kongozungulira, kumene ife timati kuganiza kwambiri, ndipo anzathu olankhula Chishona ku Zimbabwe amati kufungisisa. Kuganiza kotereku kuli ngati kusinja mumtondo mopanda chimanga: munsi ukugunda, thukuta likutsika, koma mphale palibe.

Zimene zimachitika m'thupi

Thupi limachita mantha ndi ngozi yongoiganizira pafupifupi mofanana ndi mmene limachitira ndi ngozi imene ili pamaso. Mukakumana ndi njoka m'njira, thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umaperewera, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika, m'mimba mumatentha. Zonsezi n'zokuthandizani kuthawa, ndipo njoka ikapita thupi limabwerera m'malo. Koma ngongole, zotsatira za magazi zimene mukudikira, kapena mawu opweteka amene wachibale anakuuzani chaka chatha sizipita ngati njoka. Mukamazibwereza m'mutu, thupi limakhalabe chilili, usana ndi usiku. Tulo timasowa, mutu umawawa, chakudya sichikoma, ndipo kwa odwala shuga kapena BP manambala amavuta kutsika.

Kupuma ndi khomo limodzi limene mungathe kuligwira ndi dzanja lanu. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi. Mukamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, kwa nthawi yotalikirapo kuposa imene mwaukokera, mtsempha waukulu wotchedwa vagus, umene umachokera ku ubongo n'kutsikira kumtima ndi m'mimba, umachepetsa liwiro la mtima. N'chifukwa chake munthu akausa moyo amamva kupepukidwa pang'ono.

Yambirani pabenchi pomwepo

Malo abwino ophunzirirapo ndi amene muli nawo kale: benchi la kuchipatala, pamene mumakhala maola ambiri mulibe chochita. Pondani pansi ndi mapazi onse awiri, ndipo mvani kuti mwapondadi. Mvani kulimba kwa thabwa kapena simenti imene mwakhalira. Osatseka maso, tchulani chamumtima zinthu zingapo zimene mukuona: mtundu wa chitenje cha mayi amene ali patsogolo panu, mng'alu wa pakhoma, mthunzi wa mtengo. Mverani phokoso limene lilipo, kaya ndi kulira kwa mwana kapena kutsokomola kwa munthu, osaliweruza kuti n'labwino kapena n'loipa. Kenako kokani mpweya ndi mphuno uku mukuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa mofatsa mukuwerenga mpaka 6. Ngati manambalawa akukupanikizani, asiyeni, ingotulutsani mpweya mosafulumira.

Tsopano imvani mfundo imene ambiri amaiphonya. Musanapume katatu, maganizo adzakhala atathawa kale. Mudzapezeka muli kumsika, kumaliro, kapena mukukangana ndi munthu amene palibe. Apa ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti zimenezi si za iwo. Komatu kuthawa kwa maganizoko si kulephera. Luso lonse lagona pa mphindi imene mwazindikira kuti achoka, n'kuwabweza. Mbusa wa mbuzi sayembekezera kuti mbuzi zisiya kulakalaka chimanga cha m'munda wa eni. Ntchito yake ndi kuona msanga kuti imodzi yapatuka n'kuibweza, kakhumi kapena makumi awiri pa tsiku, popanda kuithyola mwendo. Inunso bwezani maganizo anu mopanda ukali. Kudzikalipira kuti "ndine wopanda pake, ngakhale kupuma kukundikanika" ndi mbuzi inanso imene yalowa m'munda.

Chimathandiza kwambiri ndi kulitchula dzina ganizo limene lakukokani. M'malo momira m'mawu akuti "sindichira," nenani chamumtima kuti, "Ganizo lija lakuti sindichira labweranso," kapena "Nayi nkhawa ya ndalama ija." Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma kumakukumbutsani kuti ganizo ndi ganizo chabe, si zotsatira za ku labotale. Simukulithamangitsa, popeza ganizo lothamangitsidwa limabwerera ndi mphamvu. Mukungoliona, n'kubwerera ku mapazi anu.

Njira ziwirizi, kukhazikika pamene muli ndi kutchula maganizo, zilinso m'kabuku ka zithunzi kamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020, kotchedwa Doing What Matters in Times of Stress. Maphunziro a magawo asanu amene kabukuka kamayendera limodzi nawo anayesedwa ku Uganda pakati pa amayi pafupifupi 700 othawa nkhondo ya ku South Sudan, ndipo amene anaphunzira anapezeka kuti kuvutika kwawo mumtima kwachepa poyerekeza ndi anzawo. Amayiwa sanali anthu a moyo wawofuwofu. Tikutero chifukwa ena amayesa kuti izi ndi za anthu olemera osowa chochita.

Mphindi zitatu kapena zisanu tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pa mwezi. Phunzirani nthawi imene mtima uli m'malo, kuti tsiku la mavuto lusolo lidzakhale lili kale m'manja.

Pomwa mankhwala, polowa kwa dokotala, pakudya

Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB, a BP kapena a khunyu, amalidziwa funso losautsa lija: "Kodi ndamwa kapena sindinamwe?" Limabwera chifukwa dzanja linagwira ntchito mutu uli kwina. Perekani theka la mphindi ku piritsilo. Lioneni, mvani madzi akutsika kukhosi, ndipo nenani mokweza kuti, "Lero Lachiwiri, ndamwa a m'mawa." Mukhozanso kuchonga pakalendala. Ngati mwasokonezekabe, musamwe kawiri mongoganizira. Funsani azaumoyo zoyenera kuchita ndi mtundu wa mankhwala anuwo.

Musanalowe m'chipinda cha dokotala, pumani mofatsa katatu, n'kukumbukira chinthu chachikulu chimene mwabwerera. Akatha kufotokoza, bwerezani m'mawu anu: "Adokotala, ndibwereze kuti ndione ngati ndamva bwino. Mwati limodzi m'mawa, limodzi madzulo, nditatha kudya?" Kumeneku si kuwatayitsa nthawi kapena kuwaderera. Apempheni alembenso m'buku lanu la kuchipatala.

Pakudya, ikani foni patali ndipo mbamu zoyambirira muzidye mukuzimva kukoma. Munthu wodya maso ali pafoni sazindikira msanga kuti wakhuta, zimene zili zofunika kwa amene anauzidwa kuti achepetse nsima chifukwa cha shuga.

Kwa inu amene mukusamalira wodwala

Mtolo wanu ndi wolemera, ndipo kawirikawiri palibe amene amakufunsani kuti mwadzuka bwanji. Mumaphika, kuchapa, kutembenuza wodwala, kumusambitsa, kugona pansi m'wodi, uku mukuganiza za kumunda kapena kuntchito kumene mwasiya. Ntchito ikabwerezedwa kambirimbiri manja amayamba kuigwira okha. Apa ndi pamene zizindikiro zofunika zimadutsa osaoneka: khungu lofiira kapena lakuda mosiyana ndi lina pamatako kapena pachidendene, lomwe ndi chiyambi cha chilonda cha pogona, kutsamwa pomeza phala, mkodzo wochepa kusiyana ndi dzulo, kusokonezeka kumene kunalibe m'mawa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamasambitsa wodwala, maso ndi maganizo zikhale pa thupi limene mukusambitsalo, ndipo zimene mwaona mukawauze anamwino.

Palinso nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi. Wodwala akakana kudya chakudya chimene mwavutikira, kapena akakuitanani kachisanu usiku umodzi, mkwiyo umabwera. Usanafike pakamwa umayamba waonekera m'thupi: kutentha pachifuwa, kulumana mano, manja kukungika. Mukaphunzira kuzindikira zimenezi msanga mumapeza kampata kakang'ono kosankha. Tchulani chamumtima kuti, "Ndakwiya, ndatopa." Ikani supuni pansi, onetsetsani kuti wodwala ali pabwino, tulukani panja mphindi ziwiri. Kutopa sikusonyeza kuti chikondi chatha. Koma musadzinamize kuti kupuma mofatsa kungalowe m'malo mwa tulo. Ngati mwazindikira kuti thupi lafika pothera, yankho lake ndi kuitana abale, a kumpingo kapena a kumzikiti kuti mulandirane.

Malire ake

Luso limeneli silichiza matenda. Silichepetsa kachilombo m'magazi, sililowa m'malo mwa insulin, ndipo silibweza ngongole. Kafukufuku amasonyeza kuti limachepetsa nkhawa, kukhumudwa ndi kusautsa kwa ululu pamlingo wapakatikati, osati modabwitsa. Ku Britain bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a chithandizo cha m'zipatala, limavomereza maphunziro a pagulu ochokera ku lusoli pothandiza kuti matenda a kukhumudwa asabwererenso mwa anthu amene anadwalapo. Aliyense amene angakuuzeni kuti musiye mankhwala chifukwa mwayamba kusinkhasinkha akukusocheretsani. Ndipo ululu watsopano, kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena dzanzi la mbali imodzi ya thupi si zoti muzingoziyang'anira modekha. Thamangirani kuchipatala.

Kwa ena kukhala chete kumadzutsa zowawa. Ngati munachitidwapo nkhanza, munaona ngozi yoopsa, kapena munataya abale ndi katundu pa namondwe monga Idai mu 2019 kapena Freddy mu 2023, kutseka maso kungakubwezereni zithunzi za tsikulo. Zikatero musadzikakamize. Tsegulani maso, yang'anani zinthu zakunja, imirirani muyende uku mukumva mapazi akuponda, kapena gwirani madzi ozizira. Odwala mphumu ndi ena amene amabanika angachite bwino kuika maganizo pa mapazi kapena pa phokoso, osati pa mpweya. Amene amamva mawu amene ena sakuwamva ayambe akambirana ndi azaumoyo.

Nthawi yofuna thandizo la ena

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakondwera nazo sizikukusangalatsaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, kapena mwayamba kudalira mowa kuti mugone, uzani namwino, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Amenewa ndi matenda ngati ena onse, ndipo chithandizo chake chilipo. Nthawi zambiri chimayamba ndi kukambirana. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kuthandiza munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imachepetsa zizindikiro za kukhumudwa ndi nkhawa. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa kuzipatala monga Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Malawi, kapena Chainama Hills ku Lusaka, koma poyambira ndi chipatala chimene muli nacho pafupi.

Ngati mukuganiza zodzipha kapena kudzivulaza, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, mupite naye kuchipatala, ndipo mumupemphe achotse m'nyumba mankhwala ophera makoswe ndi tizilombo ta m'munda, komanso akusungireni mapiritsi anu n'kumakupatsani a tsiku limenelo okha.