Khoti la Katemera ku America

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, makolo ambiri ku America anasumira makampani opanga katemera wa DTP, amene mwa zina amateteza ku chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata, ponena kuti wawononga ubongo wa ana awo. Milandu inachuluka, mtengo wa katemera unakwera, makampani ena n'kusiyiratu kupanga. Boma linaona kuti likangokhala phee, katemera asowa.

Choncho mu 1986 linakhazikitsa lamulo la National Childhood Vaccine Injury Act, ndipo kuyambira mu 1988 wodandaula sayamba ndi kusumira kampani. Amakatula dandaulo lake ku US Court of Federal Claims mumzinda wa Washington. Chipukuta misozi chimachokera ku msonkho wa masenti 75 pa nthenda iliyonse imene katemera akuteteza, kotero wa MMR, woteteza nthenda zitatu, msonkho wake ndi madola 2.25.

Zambiri zimadalira mndandanda wa mavuto odziwika ndi nthawi imene amaonekera. Tinene kuti mwana wabayidwa m'mawa, ndipo pasanathe maola anayi watupa, akubanika, thupi lakana mankhwalawo mwadzidzidzi. Khoti limatenga kuti katemera ndiye wachititsa, ndipo boma likakana, umboni libweretse lokha. Kholo silifunika kusonyeza kuti wina analakwa. Apa lamuloli linaganiza bwino, pakuti banja lomwe likusamala wodwala lilibe mphamvu zolimbana ndi maloya a kampani.

Vuto likakhala kuti palibe pamndandandapo, wodandaula ndiye abwere ndi umboni wa madokotala. Mabanja oposa 5,000 ananena kuti katemera anayambitsa matenda a autism mwa ana awo, koma zigamulo za mu 2009 ndi 2010 zinapeza kuti umboni wake kunalibe. Komanso owerenga adziwe kuti milandu yambiri imatha pongogwirizana, boma n'kulipira popanda kuvomera kuti katemera ndiye anavulaza munthu. Kuwerenga ndalama zolipiridwazo ngati chiwerengero cha ovulala n'kusocheretsa anthu.

Pamene lamuloli likuperewera ndi apa. Dandaulo liyenera kufika pasanathe zaka zitatu chiyambire chizindikiro choyamba, pomwe makolo ena amazindikira mochedwa. Munthu akamwalira, banja limalandira madola 250,000, ndalama yomwe sinasinthe chikhazikitsire lamuloli ngakhale mitengo yakwera kwambiri. Ndalama imeneyi inayenera kukwezedwa kalekale.