Ofufuza Matenda a Kunyanja Achokere Kunyanja Komweko

Mayi woyembekezera akapita ku sikelo amapatsidwa mapiritsi a Fansidar kuti amwere pamaso pa namwino. Ambiri sadziŵa kuti nzeru imeneyi inakulira ku Mangochi. Pakati pa 1987 ndi 1990, madokotala a m'dziko muno pamodzi ndi anzawo a ku America anatsatira amayi apakati oposa 4,000 m'bomali, napeza kuti chloroquine sankawatetezanso mokwanira ku malungo. Mu 1993 Malaŵi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuika Fansidar m'malo mwake. Mu 2007 odwala malungo anayamba kulandira LA, koma Fansidar anatsala ngati chitetezo cha amayi apakati.

Nkhani ya likodzo nayo ndi yotero. Kuyambira kale anthu a kunyanja akhala akudziŵa likodzo la m'chikhodzodzo, limene limachititsa mwana kukodza magazi. Koma mu 2017 ofufuza a ku Liverpool ndi a ku Blantyre anapeza m'gombe la Mangochi mtundu wina wa nkhono umene umasunga tizirombo ta likodzo la m'matumbo. Atayeza ana a sukulu, anapeza kuti ambiri anali nalo kale. Pakadapanda munthu wotola nkhonozo ndi kuziyeza, matendaŵa akadafala mwakachetechete.

Ntchito yotereyi imafuna anthu ophunzira mozama za matenda opatsirana, ndipo palibe chifukwa choti anthuwo azichokera kutali nthaŵi zonse. Mwana wobadwira ku Makanjira, ku Malembo kapena ku Chembe amadziŵa nthaŵi imene asodzi amaloŵa m'madzi ndi madooko amene amayi amachapirapo. Amalankhula Chiyao kapena Chicheŵa ndi odwala popanda womasulira. Chimene akusoŵa ndi njira yofikira ku maphunziro apamwamba.

Njirayo imayambira pa mayeso a Fomu 4. Wofuna ntchitoyi ayenera kukhoza bwino masamu, Chingerezi ndi maphunziro a sayansi. Kenaka amatenga digiri yoyamba, monga ya udokotala, unamwino, kuyeza magazi kapena ukhondo wa m'midzi. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Ophunzira ake akhala akubwera ku Mangochi ndi ku Lungwena kudzaphunzira za umoyo wa anthu a m'midzi.

Pamwamba pa digiri yoyamba pali ya Masters, imene imatenga chaka chimodzi kapena ziŵiri, ndipo pamwamba pake pali ya PhD, ya zaka zitatu kapena zinayi. Malo a maphunziro ameneŵa ndi ochepa, choncho wopempha ayenera kukonzekera kudakali miyezi yambiri. Asonkhanitse zikalata zake zonse za sukulu pamodzi ndi ndandanda wa mmene anakhozera phunziro lililonse. Apeze aphunzitsi kapena akuluakulu a kuntchito aŵiri kapena atatu omudziŵa bwino, oti amulembere makalata a umboni. Sukulu zambiri za kunja zimafunanso kuti alembe mayeso a Chingerezi.

Chofunika koposa ndi kalata yofotokoza chimene akufuna kufufuza. Osankha salabadira mawu akuti munthu akufuna kuthandiza dziko lake, pakuti aliyense amalemba zomwezo. Amafuna funso limodzi lomveka. N'chifukwa chiyani ana a sukulu amene anamwa praziquantel chaka chatha apezekanso ndi likodzo? Nanga kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anasautsa bwanji kwambiri madooko a asodzi? Apa ndi pamene wothandiza dokotala, namwino kapena woyang'anira zaukhondo amene wagwira ntchito kumudzi amaposa anzake, pakuti mafunso otere amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Wofuna PhD ayeneranso kulembera mphunzitsi wodziŵa nkhaniyo, kumupempha kuti adzamuyang'anire.

Ndalama ndiye phiri lalikulu. Thandizo limapezeka ku mabungwe ofufuza monga Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene inayamba ku Blantyre mu 1995, ndiponso ku thumba la Commonwealth ndi la Chevening la boma la Britain. Wopempha asunge tsiku lotsekera, chifukwa kalata yochedwa siŵerengedwa. Makolo achenjere ndi atambwali amene amati atapatsidwa ndalama angapezere mwana malo kunja. Thandizo loona silimagulidwa.

Ambiri amakanidwa ulendo woyamba. Kukanidwa si kulephera, ndipo wanzeru amakonza kalata yake nayesanso chaka chotsatira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo ali ndi gawo lawo. Mnyamata asasiye sukulu chifukwa cha ngalawa ndi usipa, mtsikana asakwatiwe asanamalize. Mwana akakodza magazi apite naye kuchipatala msanga, pakuti likodzo limatha magazi ndipo limabweza mwana m'mbuyo m'kalasi. Mudzi ukaona mwana wakhama, ngakhale wa nyumba ina, umuthandize. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.